Mapulogalamu okonzera zithunzi pa kompyuta: osalipira ndi olipira

M'maboma a Angónia ndi Tsangano, komanso pamalire a Zóbuè ndi Calómuè, ntchito ya zithunzi ikuchuluka. Mabungwe a alimi amafuna zikwangwani zoitanira anthu ku msonkhano, ogulitsa mbatata ya kachewere ndi nyemba amafuna chizindikiro choika pa thumba, ndipo malo ojambulira amakonza zithunzi zing'onozing'ono za pa zikalata tsiku ndi tsiku. Ntchito zonsezi zingatheke popanda kugula pulogalamu yodula.

Photoshop ndi mtengo wake

Pulogalamu yodziwika kwambiri ndi Photoshop ya kampani ya Adobe, imene inatuluka mu 1990. Kuyambira mu 2013 kampaniyi inasiya kuigulitsa kamodzi n'kamodzi: munthu amalipira mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka kudzera pa intaneti, ndipo akasiya kulipira, pulogalamuyo imatsekeka. N'chifukwa chake ambiri amathamangira yobedwa, imene imatchedwa pirata. Kuwonjezera pa kuphwanya lamulo, yoteroyo kawirikawiri imabwera ndi vayirasi yomwe ingawononge zithunzi za makasitomala ndi zolembera za bungwe.

Anayi osalipira

GIMP ndi yokonzera zithunzi zojambulidwa ndi kamera kapena foni: kudula m'mbali, kuwalitsa chithunzi chakuda, kusintha kumbuyo kwa munthu kuti kukhale koyera, ndi kulembapo mawu. Inayambitsidwa mu 1995 ndi Spencer Kimball ndi Peter Mattis, ali ophunzira ku yunivesite ya California ku Berkeley. GIMP 3.0 inatuluka mu Malichi 2025.

Krita ndi ya ojambula pamanja. Ili ndi maburashi ambiri otsanzira pensulo, inki ndi penti. Imagwira ndi mausi, koma mizere imatuluka bwino munthu akakhala ndi kathabwa kojambulira ndi cholembera chake. Imafuna RAM yosachepera 4 GB.

Inkscape, ya mu 2003, ndi yopangira zizindikiro ndi zilembo. Chojambula chake chimapangidwa ndi mizere osati timadontho, choncho chizindikiro chimodzi chingaikidwe pa chidindo kapena pa chinsalu chachikulu osasokonekera.

Paint.NET, ya mu 2004, ndi yosavuta kuphunzira ndipo imakwana pa ntchito zing'onozing'ono. Imagwira pa Windows pokha.

Anayi onsewa akalowa mu kompyuta safunanso intaneti. GIMP, Krita ndi Inkscape zimatha kuikidwa m'Chipwitikizi, ndipo chilolezo chake chimalola kukopera pa fulashi n'kugawira ena. Munthu mmodzi akakopera kumene netiweki ili bwino, monga ku Ulónguè kapena ku Tete, anzake onse a m'bungwe sawononganso ndalama za mamega. Chofunika n'kutenga pa tsamba lenileni la eni pulogalamu.

Palinso Photopea, imene imatsegulidwa pa intaneti popanda kuilowetsa mu kompyuta. Imafanana ndi Photoshop ndipo imatsegula mafayilo a PSD, koma kumene netiweki imadukaduka si yodalirika.

Kusankha kwake

Choyamba ndi ntchito: zithunzi za kamera, GIMP, kujambula pamanja, Krita, chizindikiro cha bungwe, Inkscape. Chachiwiri ndi mphamvu ya kompyuta. Mapulogalamu atsopano ambiri amafuna Windows 10 kapena 11, ndiye mwini kompyuta yakale ayambe waona zimenezi asanamalize mamega ake. Chachitatu ndi magetsi: kumene amazimazima, laputopu ndi chizolowezi chosunga ntchito pafupipafupi zimapulumutsa zambiri.

Popita kokasindikiza

GIMP imasunga ntchito ngati XCF, Krita ngati KRA. Mafayilo amenewa ndi abwino pofuna kudzakonzanso, koma malo ambiri osindikizira sangawatsegule. Chithunzi chotha chitulutsidwe ngati JPEG, PNG kapena PDF. Kuti chioneke bwino pa pepala chimafunika 300 dpi. Pa pepala la A4 amenewo ndi mapikiselo 2480 m'lifupi ndi 3508 m'litali. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa nthawi zonse chimachepetsedwa, choncho chopita kokasindikiza chitumizidwe ngati dokumento kapena chinyamulidwe pa fulashi.

Ndalama yopulumuka pa pulogalamu ingagule fulashi yachiwiri yosungira zithunzi, chifukwa kompyuta ikafa pulogalamu imapezekanso, koma zithunzi za anthu sizibwerera.