Za Kusankha Anthu Opereka Cimbudzi ca Mankhwala

Musanyansidwe nayo nkhani iyi, pakuti iri ya moyo ndi imfa. M'matumbo mwa munthu wolimba mukhala tizirombo tambirimbiri tosaoneka ndi maso, timene timthandiza. Mankhwala aukali akapha timeneti, kacirombo koipa kochedwa Clostridium difficile kacuruka, ndipo munthu atsegula m'mimba kosaleka, ena nafa nayo nthendayo.

Zapita zaka zoposa 1,600 cilembere sing'anga wa ku China, Ge Hong, za kumwetsa odwala m'mimba madzi osanganiza ndi cimbudzi ca munthu. M'caka ca 1958 dotolo Ben Eiseman wa ku Denver anathira madzi otere m'matumbo mwa odwala 4, nacira onsewo. M'caka ca 2013 madotolo a ku Amsterdam anabukitsa kuti mwa odwala 16 anacira 15.

Koma cimbudzico cicokera kwa yani? Apa ndipo pagona mlandu, pakuti munthu akhoza kuoneka wathanzi ali nato tizirombo toopsa m'kati mwace. Nkhokwe ya ku America yochedwa OpenBiome inanena poyera mafunso ace ndi mayeso ace a mwazi ndi a cimbudzi, ndipo mwa anthu 100 odzipereka inkalandira ngati 3 okha. Ena sanatero ai. M'caka ca 2017 ophunzira a ku Paris anasanthula makalata 85 a madotolo, napeza kuti pafupifupi theka lace silinachule konse umo anasankhira operekawo. Nanga dotolo wa kutali, wofuna kutsata njirayo, akadadziwa bwanji coyenera kupima?

M'caka ca 2019, m'cipatala cina ca ku Boston, odwala awiri ofoka thupi analandira mankhwala ocokera kwa wopereka mmodzi, amene anali ndi E. coli wosamva mankhwala ambiri. Mmodzi wa iwo, mkulu wa zaka 73, anamwalira. Cipatalaco cinali citayamba kupima kacirombo kameneka mu Januwale, koma mankhwala opangidwa kale sanawapimenso. M'mwezi wa Juni a boma la America oyang'anira mankhwala, a FDA, anacenjeza dziko lonse, nalamula kuti opereka ayambe apimidwa tizirombo totere. Madotolo aja, ndipo m'menemo ndiyesa anacita caulemu, sanabisa kanthu: caka comweco analemba mlandu wonse m'kalata ya madotolo, nachulanso kuti anthu 22 analandira za wopereka yemweyo.