Chiyambi cha Nambala 404

Nambala 404, imene imauza munthu kuti tsamba la pa intaneti limene akulifuna palibe, inayambira ku CERN, kumene Tim Berners-Lee ankakonza malamulo a HTTP kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Inalembedwa mu RFC 1945 m'chaka cha 1996. Nambala yoyambirira, 4, imasonyeza kuti vuto lili kwa wopempha, osati seva. Zoti nambalayi inachokera ku chipinda 404 cha ku CERN ndi mphekesera chabe, Robert Cailliau, mnzake wa Berners-Lee ku CERN, anazikana.

Kale seva inkayankha choncho fayilo ikasowa. Koma mu Django, pulogalamu yopangira mawebusaiti yotulutsidwa mu 2005, adiresi imafanizidwa ndi mndandanda wa njira zimene wolemba pulogalamu anakonza. Ikapanda kugwirizana ndi iliyonse, mlendo amaonetsedwa tsamba la 404.html.