Mmero si khosi, ndipo thandizo lili pawiri

Mwezi watha ndinapatsa ophunzira anga ndime yaifupi ya Chingerezi kuti aimasulire. Inkanena za mabungwe amene amapereka ndalama zofufuzira matenda a m'mimba ndi khansa zogwira njira ya chakudya. Mtsikana wina wa ku Nsaru anabweretsa pepala lofufutafufuta. Pa mawu akuti oesophagus anayamba walemba "khosi", n'kufufuta, n'kulemba "pakhosi", mapeto ake n'kusiya mpata. Pa funding analemba "thandizo", ndipo mzere wotsatira, pa treatment, analembanso "thandizo". Pondipatsa anati, "Aphunzitsi, ndikumva kuti penapake sipali bwino, koma pawailesi amanena chomwechi." Ndinamuuza kuti vutolo si lake. Analemba zimene tonsefe timayankhula, ndipo zimenezo n'zimene zikufunika kukonza.

Ndiyambe ndi khosi, chifukwa mtsikanayu anali ndi chifukwa chake chosiyira mpata uja. Amalume ake, mlimi wa fodya wa kwa Kabudula, anamwalira chaka chatha. Matenda anayamba ndi nsima kukakamira, mbamu iliyonse kumwera madzi. Kenako anasiya nsima n'kumadya phala, phala litakanika anatsalira thobwa, ndipo masabata omaliza ngakhale malovu ankalavulira m'kachitini pambali pa mphasa. Wachibale wina atamva pawailesi za "khansa ya pakhosi", banja lonse linapapasa khosi la odwalawo kufuna chotupa. Silinapeze kanthu, ndiye linatsimikiza kuti si khansa. Anawatema mphini pakhosi pomwepo. Chonsecho nthendayo inali m'chifuwa, kuseri kwa fupa la pakati.

Mmero wa munthu wamkulu ndi wotalika masentimita pafupifupi 25, ndipo mbali yake yaikulu ili m'chifuwa. Khansa imene yafala kuno imakonda kumera chapakati pa njirayo. Tsono tikamati "pakhosi" tikutumiza anthu kukafuna nthenda pomwe palibe. Mawu oyenera tili nawo kale. Pitani pamsika wa Nsaru kwa anyamata opha mbuzi pafupi ndi ziwaya, muwafunse. Adzakusonyezani kholingo, lolimba, lokhala ndi timikombero, modutsa mpweya, ndipo pambali pake adzakoka mmero, wofewa, wopita kuchifu. Wopha mbuzi sasokoneza ziwirizi. Timasokoneza ndife ophunzira, amene ziwalo za thupi tinaziloweza m'Chingerezi, n'kumabwerera ku Chichewa ngati alendo.

Chifu nachonso tiyenera kuchilandira. Ambiri amati mawuwa ndi a nyama, sayenera munthu. Koma "khansa ya m'mimba" siuza munthu kanthu, poti m'mimba muli chifu, matumbo, chiwindi, ndulu, ndiponso kwa amayi chiberekero. 

Wina angaganize kuti ndine wa gulu lokana mawu obwereka. Ayi. Pa khansa ndili kumbali ya kubwereka, ndipo sindisuntha. Amene amafuna "chotupa" aiwala kuti chithupsa n'chotupa, mwanabere n'chotupa, ndipo zonsezi zimaphwa. Mawu akuti khansa analowa kale m'Chichewa, agogo akumudzi amawatchula bwinobwino, ndipo amaopsa mokwanira kuti munthu akwere kabaza kupita kuchipatala. Pomwe tili ndi mawu athu olozadi chinthucho, monga mmero, tisawataye. Pomwe athu akuphimba chinthucho, tibwereke.

Nkhaniyi si yaing'ono kwa ife. Ziwerengero za bungwe la IARC, nthambi ya World Health Organization yoona za khansa, zimaika Malawi pakati pa maiko amene khansa ya kummero yachuluka kwambiri padziko lonse, kwa abambo ndi amayi omwe. Ambiri amafika kuchipatala njira itatsekeka kale, ndipo chimene madokotala angathe ndi kulowetsa kapaipi kawaya kotsegula mmero kuti munthu amezeko phala masiku otsalawo. Pakati pa 2017 ndi 2020, ofufuza a UNC Project, pakati pawo Dr Bongani Kaimila, anafunsa odwala 300 ndi anthu ena 300 opanda nthendayi pachipatala cha Kamuzu Central ndi cha St Gabriel ku Namitete. Zimene ofufuza a nthendayi m'chigawo chino cha Africa akukayikira ndi zinthu za pakhomo pathu: fodya, mowa, tiyi wowotcha pakamwa, utsi wa nkhuni m'khitchini yopanda zenera, chimanga chochita chuku m'nkhokwe. Munthu wa ku Nsaru akamva mndandanda umenewu akumva za moyo wake wa tsiku ndi tsiku.

Apa ndi pomwe thandizo likulowa, ndipo ili ndiye vuto lalikulu. Taonani ndalama zitatu izi. Henry Wellcome, mwini kampani ya mankhwala, anamwalira mu 1936 n'kusiya chuma chake m'manja mwa matrasti kuti phindu lake lizipita ku kafukufuku wa zaumoyo. Chuma chimenecho ndicho chakhala chikuyendetsa Malawi-Liverpool-Wellcome ku Blantyre kuyambira 1995. National Cancer Institute, imene inagwira nawo ntchito ya ku Namitete ija, ndi ya boma la America, ndipo ndalama zake ndi misonkho ya anthu a kumeneko. Chipatala cha khansa cha ku Lilongwe chinamangidwa ndi ngongole ya OPEC Fund, imene tidzabweze ndife ndi ana athu. Chuma chamasiye, msonkho ndi ngongole, zonsezi m'Chichewa cha m'nyuzi zimatuluka ndi dzina limodzi: "thandizo lochokera kwa abwenzi akufuna kwabwino".

Palinso ndalama zina zimene ndimazilemekeza mwapadera. Ku Britain kuli mabungwe monga Cancer Research UK ndi Guts UK, amene amasonkhetsa kwa anthu wamba. Wina amathamanga mpikisano wa mtunda wautali anzake n'kumusonkhera, wina amapereka zovala zake zakale kusitolo ya bungwe, kaunjika wa kwawo, kuti zogulitsazo zilipire ofufuza. Nthawi zambiri wopereka ndi munthu amene anaika m'manda bambo kapena mkazi wake chifukwa cha nthenda yomweyo. Mawu athu akuti "zachifundo" amatikumbutsa matumba a ufa ndi mabulangete a nthawi ya madzi osefukira, zinthu zogawa lero n'kudya lero. Koma ndalama za kafukufuku sizigawidwa. Zimalipira namwino wofunsa mafunso, firiji yosungira timinofu topima, mafuta a galimoto, ndipo yankho lake limabwera patapita zaka. Katemera wa rotavirus amene ana amadonthezeredwa m'kamwa kusikelo kuyambira mu Okutobala 2012 anayesedwa kaye pa ana a ku Blantyre zaka zingapo m'mbuyomo. Amene akupindula lero ku Nambuma ndi ku Mpingu ndi ana amene panthawiyo anali asanabadwe.

Tsono ganizirani munthu wosameza, wowonda, atakhala pabenchi, namwino akumuwerengera kalata yopempha chilolezo: "Kafukufukuyu akuchitika ndi thandizo lochokera ku bungwe lakuti." Khutu la munthu wodwala limatola mawu amodzi okha, thandizo, ndipo kwa iye thandizo ndi mankhwala. Amadinda chala poganiza kuti walowa pamzere wa ochira. Palibe amene wamunamiza, komabe wavomera chinthu china, osati chimene chalembedwa. Anzanga ena amati tisiyanitse "thandizo" la ndalama ndi "chithandizo" cha kuchipatala. Papepala zimaoneka bwino, koma pakamwa pa anthu mawu awiriwa ndi amodzi.

Ine ndikuti tinene mosabisa: "Amene akulipira kafukufukuyu ndi akuti. Kafukufuku si mankhwala. Mankhwala anu mulandira ngakhale mukane." Mawu akuti kulipira ena amawaona ngati amwano, ndipo n'zoona kuti amadzutsa funso lakuti wolipirayo akufunapo chiyani. Funso limenelo ndi labwino. Makolo athu anati kupatsa n'kuika, ndipo Mchewa amadziwa kuti wopatsa ali ndi chomwe akuyembekeza, kaya ndi dzina, kaya nzeru zatsopano, kaya mtendere wa mumtima. Funsolo likapanda kuyankhidwa poyera, mudzi umadziyankha wokha. Tonse tikukumbuka mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje ndi Phalombe, ndi anthu amene anaphedwa chifukwa cha izo.

Nanga wokonza mawuwa ndani? Chichewa chinakhala chiyankhulo cha fuko mu 1968, Chichewa Board inabwera mu 1972, ndipo mu 1996 malo ake anatenga a Centre for Language Studies ku Zomba, amene anatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Koma lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Mwana amene adzakhale dokotala mwina sadzamvapo mphunzitsi akutchula mmero m'kalasi, koma tsiku lina adzayenera kufotokozera gogo wa ku Nsaru chifukwa chimene nsima ikukanira. Kumasulira makalata a kafukufuku kumabwera kumapeto, ndalama zitagawidwa kale, ndipo gulu lililonse limapeka mawu akeake. Mabungwe olipira kafukufuku amawerengera mtengo wa singano iliyonse. Awerengerenso ntchito ya mawu: akatswiri a chiyankhulo, madokotala ndi anamwino akhale pamodzi, apange mndandanda umodzi, akauyese pamsika ndi pansi pa mtengo wa bwalo la amfumu usanasindikizidwe. Boma nalo liuvomereze kuti wailesi ndi zipatala ziziyankhula chimodzi.

Wophunzira wanga uja analembanso ndime yake, mmero ndi kulipira zili m'malo mwake, ndipo patchuthi anakawerengera amayi ake, alongo awo a malemu aja. Akuti anamvetsera mpaka kumapeto, n'kugwira pachifuwa pomwe mlongo wawo ankaloza, kenako anafunsa kuti, "Nanga olipirawo, zimene apezezo adzabwera kudzatiuza?" Ndime ya Chingerezi ija inalibe mzere wonena zimenezo.