Nchito Imene Icedwetsa Zinzace

Munthu aliyense amene anamangapo nyumba adziwa kuti nchito zina ziyembekezana, zina siziyembekezana. Simungafolere denga zipupa zisanaime, koma udzu mungathe kumweta tsiku lomwelo limene anzanu ali kuumba njerwa. Pa nyumba imodzi nzeru imeneyi ikwana m'mutu mwa mmisiri mmodzi. Nanga pomanga fakitale kapena zombo zambiri, pamene nchito zing'ono-zing'ono zifika zikwi, ndipo anchito sadziwana ndi maina omwe? Anthu a ku America anabvutika nalo funso limeneli zaka zambiri, poyamba pa pepala, pambuyo pace ndi makina a kompyuta.

Woyamba kumchula ndiye Henry Gantt, mmisiri wa makina, amene anabadwa mu 1861 namwalira mu 1919. Iyeyu analemba maina a nchito motsika kumanzere kwa pepala, masiku nawandandika pamwamba, ndipo nchito iriyonse anaijambulira mzere wopingasa wosonyeza poyambira ndi pothera pace. Kapitao poyang'ana pepalalo anaona msanga amene watsalira. Pamene America analowa m'nkhondo yaikuru mu 1917, aboma anagwiritsa nchito mapepala otere popanga zida ndi pomanga zombo. Koma pepala la Gantt linali ndi cirema cimodzi: silinanene kuti nchito iyi ikacedwa, ndi ziti zina zimene zidzacedwa nayo.

Cirema cimeneci anacicotsa anthu awiri mu 1957, Morgan Walker wa kampani ya DuPont yopanga mankhwala a m'mafakitale, ndi James Kelley wa kampani ya Remington Rand imene inapanga kompyuta ya UNIVAC. Iwo analunzanitsa nchito zonse ndi mibvi, kuti cioneke cimene citsogola ndi cimene citsata. Tsono kompyuta inawerenga masiku a njira iriyonse kucokera poyamba kufikira pomariza, nipeza njira yaitali koposa zonse.

Tibwerere ku nyumba ija kuti timve bwino. Tinene kuti kuumba ndi kuocha njerwa kutenga masiku 20, kumanga zipupa masiku 10, kuika denga masiku 5. Onse pamodzi ndi masiku 35. Kumweta udzu kutenga masiku 6 okha, ndipo udzuwo sufunika kufikira zipupa zitatha pa tsiku la 30. Motero womweta udzu angathe kudwala masabata atatu, nyumba osacedwa konse. Koma woumba njerwa akajomba tsiku limodzi, mwini nyumba adzalowamo pa tsiku la 36. Njira ya njerwa, zipupa ndi denga ndiyo Angerezi aicha critical path. Kapitao wanzeru aika maso ace ndi anchito oonjezera pa njira imeneyo, osataya ndalama kufulumiza udzu. A DuPont atayesa nzeruyi pa fakitale yao ya ku Louisville, nthawi yoimitsa makina kuti akonzedwe inatsika kucoka pa maora 125 kufika pa maora 93.

Mu 1958 asilikali a pamadzi a ku America, popanga mizinga ya Polaris yoombera m'sitima zoyenda pansi pa nyanja, anapeza njira yofanana nayo, dzina lace PERT. Popeza nchito zambiri zinali zacilendo, mmisiri aliyense anafunsidwa masiku a mitundu itatu: zikayenda bwino, zikayenda monga mwa masiku onse, ndi zikabvuta. Mzinga woyamba unaombedwa pansi pa madzi mu 1960, ndipo PERT inachuka ponse-ponse. Koma mu 1972 mphunzitsi wina, Harvey Sapolsky, atafufuza bwino analemba kuti phindu lalikuru la mapepala okongolawo linali kukhutiritsa aphungu a Nyumba ya Malamulo, kuti apereke ndalama ndi kuleka kulowerera nchito ya amisiri. Mau amenewa ayenera kuwakumbukira munthu aliyense woonetsedwa pepala lokongola.

Masiku amenewo kompyuta inadzaza cipinda cathunthu, ndipo ndi boma ndi makampani olemera okha amene anatha kuilipira. Makompyuta ang'ono a pa tebulo atafika, mapologramu ogulitsa anabadwa: Primavera mu 1983, Microsoft Project mu 1984. Kuyambira pamenepo kalaliki mmodzi anatha kusintha tsiku limodzi, pologramu niwerenganso masiku ena onse m'kamphindi.

Apa panabuka funso lina lalikuru koposa loyamba lija. Kampani siikhala ndi nchito imodzi. Ingakhale nazo makumi asanu, zonse zopempha ndalama m'thumba limodzi ndi kulimbirana amisiri omwewo. Iti iyambe, iti idikire, iti ife? Nzeru yoyankhira inacokera kwa osunga cuma. Mu 1952 Harry Markowitz analemba kuti munthu woika ndalama m'malonda asaweruze malonda amodzi pa okha, koma ayese onse pamodzi, monga mlimi abzala cimanga, mapira ndi cinangwa kuti mvula ikabvuta asagone ndi njala. Mu 1981 Warren McFarlan wa ku Harvard anati makampani ayese nchito zao za makompyuta mwa njira yomweyo. Mulu wa nchito zoyesedwa pamodzi ndiwo auchula portfolio.

Mapologramu a masiku ano aonetsa akuru a kampani mulu wonsewo pa tsamba limodzi: ndalama zimene zatha, phindu loyembekezeka, ndi mmisiri amene walembedwa pa nchito zitatu sabata imodzi. Nchito iriyonse ipatsidwa mtundu: wobiriwira ngati iri bwino, wacikasu ngati yayamba kutsimphina, wofiira ngati iri pangozi. Koma kawiri-kawiri wosankha mtunduwo ndiye mwini nchito yemweyo, amene adziwa kuti yofiira ingathe kuimitsidwa, iye ndi anthu ace nasowa pogwira. Cifukwa cace ena alemba wobiriwira mwezi ndi mwezi kufikira ndalama zitatha. Lipoti lotere anthu a nchitoyi analipatsa dzina lakuti civwende, pakuti kunja nkobiriwira, m'kati ndi mofiira.