Kuchoka pa Sileti Kufika pa Makadi: Mbiri ya Kuloweza m'Sukulu za ku Kasungu

Makadi a mawu amene aphunzitsi a Sitandade 1 amaonetsa ana m'sukulu za ku Chisemphere, kumpoto kwa boma la Kasungu, mbiri yake imayambira m'sukulu za mishoni. Mishoni ya Livingstonia inatsegula siteshoni ku Kasungu cha m'ma 1900 motsogozedwa ndi Dr George Prentice, ndipo m'zaka za m'ma 1920 inaipereka m'manja mwa a Dutch Reformed Church, omwe anayamba ntchito yawo ku Mvera mu 1889. Boma la atsamunda linadzakhazikitsa nthambi yoona za maphunziro mu 1926, mipingo itaphunzitsa kale ana kwa zaka zambiri.

Sukulu ya m'mudzi ya nthawi imeneyo inkakhala chisakasa kapena mthunzi wa mtengo, monga kachere wa ku Mtunthama pomwe Dr Hastings Kamuzu Banda anayambira kuphunzira. Chuma cha mphunzitsi chinali tchati cha malembo ndi maphatikizo. Iye akaloza ndi kamtengo, ana onse ankayankhira pamodzi: ba, be, bi, bo, bu. Njirayi inkagwirizana bwino ndi Chichewa, poti phatikizo lililonse limathera pa lembo la liwu, ndipo mwana akadziwa "ba" ndi "mbo" ndiye kuti "bambo" wamuwerenga. Kulemba kunkayambira pa dothi ndi chala, kenako pa sileti. Koma sileti siisunga kanthu. Ikadzadza, mwana ankafuta zonse kuti alembe zina, kotero kuti mavesi a m'Baibulo, katekisimu ndi matebulo a masamu zinkayenera kukhala m'mutu.

Kuloweza kwa gulu kunali ndi vuto lake. Mwana waulesi ankabisala m'mawu a anzake, akungogwedeza milomo. Ngakhale wakhama ankagwira mndandanda wonse ngati nyimbo, moti akamufunsa 7 kuchulukitsa ndi 8 ankayamba wabwerera kumayambiriro kwa tebulo n'kumayimba chamumtima mpaka kufika pamenepo. Kadi linathetsa zonse ziwiri. Pa kadi limodzi pamakhala chinthu chimodzi, funso kutsogolo, yankho kuseri, ndipo makadi akasakanizidwa nyimbo ija imatha mphamvu. Mwana amayenera kukumbukira yekha asanatembenuze.

Ntchito ya akatswiri a ku Germany imaonetsa chifukwa chake njirayi imathandiza. Mu 1885 Hermann Ebbinghaus anaonetsa kuti munthu amaiwala zambiri m'maola ochepa atangophunzira, ndipo kuti kubwereza motalikitsa masiku kumaposa kubwereza kambirimbiri tsiku limodzi. Mu 1972 Sebastian Leitner anafalitsa dongosolo la timabokosi. Kadi limene wophunzira wayankha bwino limasunthira m'kabokosi kotsatira, komwe amakaona patalipatali, pomwe limene walephera limabwerera m'kabokosi koyamba, koonedwa pafupipafupi. Motero nthawi yambiri imathera pa zovuta, osati pa zomwe munthu akudziwa kale. Pulogalamu ya Anki, yomwe inatuluka mu 2006, imachita zomwezi pa kompyuta ndi pa foni.

M'Malawi makadi anafala kwambiri chifukwa cha kusowa kwa mabuku. Mu 1968 Chichewa chinakhala chiyankhulo cha dziko lonse ndipo Chitumbuka chinachotsedwa m'sukulu, zomwe zinakhudza ana a kumpoto kwa Kasungu amene kwawo amayankhula Chitumbuka: kadi la chithunzi ndi dzina lake linkawathandiza kutola mawu atsopano. Mu 1994 boma la Bakili Muluzi linathetsa fizi ya ku pulayimale, ndipo chiwerengero cha ophunzira chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa oposa 3 miliyoni. Mphunzitsi mmodzi ankatha kuyang'anizana ndi ana oposa 100, mabuku ali owerengeka. Pamenepa ndi pomwe panagwira ntchito mfundo ya TALULAR, yolimbikitsidwa ndi Malawi Institute of Education ya ku Domasi komanso makoleji a aphunzitsi monga ya Kasungu, yakuti mphunzitsi azipanga yekha zipangizo ndi zinthu zopezeka m'dera lake. Makatoni akale a sopo ndi shuga ankadulidwa n'kulembedwa malembo akuluakulu oti wakhala kumbuyo awaone. Ndondomeko ya kuwerenga ya National Reading Programme, yomwe inayamba mu 2016, inaikanso mtima pa maliwu a malembo ndi maphatikizo m'makalasi oyambirira.

Ophunzira a makalasi a mayeso amagwiritsa ntchito makadi mwanjira ina. M'makalasi amenewa maphunziro amachitika m'Chingerezi, choncho pa tizidutswa ta mapepala amalembapo mawu achingerezi ndi matanthauzo ake, zaka za m'mbiri kapena malamulo a masamu, pokonzekera mayeso a bungwe la mayeso la MANEB. M'madera olima fodya, miyezi yokonzekera mayeso a Sitandade 8 imakumana ndi nyengo yothyola ndi kusoka fodya, pomwe ntchito ya m'chigafa imachuluka pakhomo. Timapepalati timakwana m'thumba la malaya, ndipo awiri angathe kufunsana ali panjira yopita kusukulu, wina atagwira makadi, mnzake akuyankha.