Chinenero cha Manja ndi Sukulu ya Ana Osamva ya ku Bandawe

Ku Bandawe, pafupi ndi Chintheche m'boma la Nkhata Bay, kumene Dr Robert Laws adakhazikitsa mishoni m'chaka cha 1881, kuli sukulu ya ana osamva imene ili m'manja mwa Sinodi ya Livingstonia ya mpingo wa CCAP. Sukulu za mtundu umenewu n'zowerengeka m'dziko muno. Zina zili ku Karonga, Embangweni, Mua, Nguludi ndi Bvumbwe.

Phindu lalikulu la sukulu zotere ndi kusonkhanitsa ana. Mwana wosamva akakhala yekha pamudzi, kaya ku Kande kaya ku Usisya, amangolozerana zinthu ndi abale ake. Koma akakhala pakati pa anzake, amapeza chinenero chathunthu chokhala ndi malamulo akeake. Chinenero cha manja si Chitonga kapena Chichewa cholankhulidwa ndi zala ayi, ndipo amene adachiyambitsa ndi anthu osamva eni ake.

Mbiri ya maiko ena ikuchitira umboni mfundoyi. Cha m'ma 1760, wansembe wa ku Paris, Bambo Charles-Michel de l'Épée, adayamba waphunzira zizindikiro kwa osamva a mumzindawo, nazigwiritsa ntchito pasukulu yaulere imene adatsegula. Ku Managua, m'dziko la Nicaragua, ana osamva amene adayamba kukumana pasukulu kuyambira 1977 adabala chinenero chatsopano, aphunzitsi awo ali kalikiliki kuwaphunzitsa kuwerenga milomo. Aphunzitsiwo ankatsata maganizo a msonkhano wa ku Milan wa 1880, umene udagamula kuti manja asamagwiritsidwe ntchito m'kalasi. Chigamulocho chidabwezera m'mbuyo ana ambiri, koma chinenerocho sichidafe.

Kwathu kuno, bungwe la anthu osamva la MANAD lidatulutsa mtanthauziramawu woyamba wa chinenero cha manja cha ku Malawi m'chaka cha 2021, ndipo mu 2024 boma lidakhazikitsa lamulo latsopano loteteza anthu a ulumali, m'malo mwa lija la 2012.

Komabe omasulira akadali ochepa. Mwana wa ku Bandawe akabwerera kwawo patchuthi, afunika munthu womumva kuchipatala, kubwalo la mfumu, kutchalitchi ngakhalenso padoko pogula usipa. Chinenero iye ali nacho kale. Otsalira ndife akumva, kuyambira makolo ake.