Madzi a Pansi pa Nthaka ndi Zigwa za Mitsinje Yathu

Mwezi wa Okutobala ukafika, patapita miyezi isanu mvula italeka, mitsinje ya Bua ndi Linthipe imakhala ikuyendabe, ngakhale monyentchera. Nanga madzi amenewo achokera kuti, popeza kumwamba kulibe ngakhale kamtambo? Makolo athu anayankha funso limeneli ndi khasu anthu a mabuku asanafike. Mtsinje ukaphwa, iwo ankafukula mchenga wa m'khwaŵa napeza madzi. Pofuna malo omangapo mudzi ankayang'ana kumene kuli dambo, kumene mikuyu ndi katope zikubiriŵira pakati pa chilimwe.

Zimene iwo ankaona n'zimene akatswiri anadzalemba pambuyo pake. Mvula ikagwa, madzi ena amathamangira kumtsinje, ambiri amabwerera kumwamba ndi dzuŵa ndi masamba a mitengo, koma ochepa amaloŵa pansi nakhala m'mipata ya mchenga ndi m'ming'alu ya miyala. Kumeneko sayenda ngati mtsinje ai. Amasefukira pang'onopang'ono kutsata kutsetsereka kwa dziko mpaka atulukire kudambo, ndipo dambolo ndilo limayamwitsa mtsinje m'chilimwe. Akuluakulu amati madzi saiŵala khwaŵa. Ngakhale a pansi omwe saliiŵala. Choncho chitsime cha pamudzi ndi mtsinje wa kumunsi zimatapa m'nkhokwe imodzi, ndipo wofuna kudziŵa za chitsimecho ayenera kudziŵa chigwa chonse.

Ntchito yolemba zimenezi m'dziko muno inayamba ndi Frank Dixey, katswiri wa za miyala amene anatsogolera nthambi ya boma yofufuza miyala kuyambira 1921 mpaka 1939. Atsamunda ankafunitsitsa kuti apeze malasha ndi miyala ya mtengo wapatali, koma iye anaona msanga kuti m'madera ambiri anthu anathithikana m'mbali mwa mitsinje, kusiya nthaka yabwino yopanda wolima, chifukwa chosoŵa madzi akumwa. Mu 1931 anatulutsa buku lotchedwa A Practical Handbook of Water Supply, ndipo m'zaka za m'ma 1930 boma linayamba kukumba zitsime ndi kuboola mijigo m'midzi. Tisaganize kuti chinali chifundo chokha: boma linkafunanso kuti anthu asamukire kumalo atsopano, alime mbewu zogulitsa, akhome msonkho. Komabe madziwo anali madzi, ndipo amayi anatunga.

Zaka zomwezo mtsinje wa Shire unali utaphunzitsa dziko phunziro loŵaŵa. Nyanja ya Malaŵi inatsika kwambiri, mchenga ndi zomera zinatseka potulukira, ndipo kuyambira cha m'ma 1915 mpaka cha m'ma 1935 madzi a m'nyanja sankatsikira bwino m'Shire. Kenaka kunadza chilala ndi njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri anthu a m'boma la Blantyre. Nyanja ya Chilwa nayo, imene ilibe mtsinje wotulukamo, inauma mu 1968 ndiponso mu 1995. Nthaŵi zoterezi ndi pamene anthu amakumbukira kuti pansi pali madzi amene dzuŵa siliŵafika msanga.

Koma kudziŵa kuti madzi alipo ndi kudziŵa pamene ali n'zosiyana. Kwa zaka zambiri mijigo inkabooledwa mozama, mpaka kuloŵa m'thanthwe lolimba, poganiza kuti kuzama ndiko kupeza. Chonsecho m'zidikha za m'Chigawo cha Pakati madzi ambiri ali pamwamba pa thanthwelo, m'miyala yofumbutuka imene yakhala ikuwola kwa zaka zosaŵerengeka, ndipo kaŵirikaŵiri kuchindikala kwake ndi mamita 15 mpaka 30 okha. Mipope yachitsulo imene ankatsekera nayo dzenje inkatsekanso madzi omwe ankafunawo, kapena inkaloŵetsa mchenga umene unkadya zitsulo za mjigo. Tsono mjigowo, monga uja wotchedwa Climax, unali wolemera koopsa. Ukawonongeka, mudzi unkadikira galimoto la boma ndi amisiri ake, mwina miyezi ingapo, amayi atabwerera kale kuchithaphwi kumene kumamwa ng'ombe.

Zinthu zinatembenuka m'chigwa cha mtsinje wa Livulezi, m'boma la Ntcheu, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, nthaŵi imene bungwe la United Nations linapatula zaka khumi, 1981 mpaka 1990, kuti zikhale za madzi akumwa ndi ukhondo. Akatswiri a boma lathu pamodzi ndi anzawo ochokera ku Britain anasiya chizoloŵezi chodumphadumpha, mjigo umodzi pano wina kutali uko. Anatenga chigwa chimodzi nachiphunzira chonse. Pamene madzi anali pafupi, anthu a m'mudzi ankakumba chitsime ndi manja. Pamene anali patali, ankaboola dzenje losazama kwambiri, kuikamo mipope ya pulasitiki yochekeredwa timipata, ndi kuthira timiyala tosefa kuzungulira mpopewo. Mtengo unatsika, madzi nachuluka. Eni mudzi ankasankha nawo malo, kututa mchenga ndi miyala, ndi kusankha komiti yosamala mjigo.

Kumeneko ndi kumene kunayesedwa mjigo wotchedwa Maldev, umene utakonzedwanso muno ndi ku Kenya unabala Afridev, mjigo umene lero tikuupeza pafupifupi paliponse m'midzi yathu ndi m'maiko ambiri a mu Africa. Ubwino wake ndi woti anthu aŵiri kapena atatu ataphunzitsidwa, amayi omwe, angathe kusolola ndodo zake ndi manja, kusintha mphira yotha, ndi kubwezera zonse tsiku lomwelo ndi sipanala imodzi. Ambiri a ife timapopa mjigowu m'maŵa uliwonse osadziŵa kuti mbiri yake inadzera kwathu konkuno.

Si chigwa chilichonse chimene chili ngati Livulezi. Kunsi kwa Shire, m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje, madzi a pansi ndi ambiri, koma m'malo ena ndi amchere mwakuti ngakhale nyemba siziphikika nawo bwino. Dzikolo n'lotentha, madzi ali pafupi ndi pamwamba, ndipo dzuŵa likaŵakoka mchere umatsalira m'dothi. David Livingstone podutsa m'chigwachi mu 1859 anapeza Amang'anja akutcheza mchere kuchokera m'dothi lomwelo, nauyesa malonda. Chimene chinali chuma kwa agogo chasanduka msampha kwa oboola mijigo: mudzi uno upeza madzi okoma, mudzi woyandikana nawo upeza osamweka, ndalama zitapita kale. Kwina, monga ku Nathenje, madzi amaoneka oyera bwino koma ali ndi mchere wina wa m'miyala wochuluka, umene umathimbiriritsa mano a ana.

Pofuna kulongosola zonsezi, dziko lathu linagaŵidwa m'zigawo 17 za madzi, kutsata zigwa za mitsinje osati malire a maboma kapena a mafumu. Lamulo la madzi la 1969 linaloŵedwa m'malo ndi la 2013, limene linakhazikitsa bungwe loyang'anira madzi onse, a pamwamba ndi a pansi, ndi kupereka zilolezo kwa oboola. Lamulolo ndi labwino, koma ntchito yake ndi yolemetsa. Chichitikire chilala cha 1992, mabungwe, mipingo ndi andale aboola mijigo yambirimbiri, ina osalemba kuzama kwake kapena miyala imene anapeza, ndipo zitsime zoyezera kukwera ndi kutsika kwa madzi chaka ndi chaka n'zoŵerengeka. Pakali pano mitengo ya m'mapiri ikutha, madimba akwera mpaka pamutu pa dambo, ndipo madzi a pansi pa chigwa cha Shire timagaŵana ndi abale athu a ku Mozambique, amenenso akuboola kutsidya kwa Ruo.